Nsapato Zoyendera pa Chipale Chofewa

Kumpoto kwa Amerika, m'dziko la Canada, madzi amagwa kumwamba atauma ndi chisanu, oyera ngati ufa, nakhala pansi miyezi yambiri. Ameneŵa timawatcha chipale chofewa. Munthu akaponda pamenepo amatitimira mpaka m'maondo, ndipo mlenje wotitimira sapha nyama; ana ake agona ndi njala. Tsono eni dziko, ndiwo Acree, Ainnu, Aojibwe ndi Ahuron, anapanga nsapato zotambalala zakuti ziwanyamule pamwamba.

Nzeru iyi njakale ndithu. Kumapiri a ku Italy inapezeka nsapato yotere ya mtengo wa birch, imene inapangidwa zaka zoposa 3,700 Kristu asanabadwe.

Kapangidwe kake tikudziŵa, pakuti kafanana ndi ka lichero. Amakhotetsa mtengo ukhale mkombero, naluka pakati pake ndi zingwe za chikopa chosafufuta. Koma si mtengo uliwonse umene ukhoza kutero. Wina uthyoka poukhotetsa, wina ulemera, wina ung'aluka pachisanu. Anthu aja analibe nyumba yoyeseramo zipangizo. Chowayesera chinali ulendo womwe, ndipo nsapato yothyoka kutali ndi mudzi ikanatha kupha mwini wake. Pakuyesayesa chotero anapeza kuti mtengo wa ash upambana, chifukwa ufewa poufunditsa ndi nthunzi, nulimbanso ukauma. Kumpoto kumene ash samera anatenga birch.

Chikopanso anachiyesa. Cha caribou ndi cha moose, nyama zonga mphalapala ndi ntchefu, chinatumikira bwino, koma chinali ndi zirema ziŵiri: chikanyowa chimatamuka, ndipo agalu ndi mbeŵa amachitafuna. Chifukwa chake ankapachika nsapato m'mwamba, ndipo pambuyo pake anthu anaphunzira kuzipaka vanishi. Maonekedwe nawonso anatsata malo. Acree anapanga zazitali, zopindikira kutsogolo, zoyendera poyera. Ainnu anapanga zozungulira, zoyenera m'nkhalango ndi m'zitunda.

Azungu atafika anaona kuti alibe china choposa ichi, natengera nzeru ya eni dziko. Mu 1758 asilikali a Robert Rogers anamenyana ndi Afalansa pafupi ndi Lake George atavala nsapato zomwezi.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1972, pamene abale aŵiri, Gene ndi Bill Prater, a ku Washington, atayesa nsapato zawo m'mapiri a Cascade, anaika chitsulo chopepuka cha aluminiyamu m'malo mwa mtengo, ndi nsalu yosaloŵa madzi m'malo mwa chikopa. Zimenezi sizitamuka, agalunso sazidya.

Komabe amisiri a mtengo ndi chikopa akadalipo, makamaka ku Wendake pafupi ndi Quebec. Mdani wawo tsopano ndi kachirombo kofukusa mitengo ya ash, kamene kanaoneka pafupi ndi Detroit mu 2002, kapha kale mitengo mamiliyoni ambiri. Mtengo umene makolo awo anausankha pakati pa yonse, pomwe moyo wawo unali pachiswe, ndiwo umene ulikusoŵa lero.