Kodi nambala yosagawika yaikulu kuposa zonse ndi iti?

FUNSO: Aphunzitsi athu a masamu akuti pali nambala yosagawika yaitali moti singakwane m'kope lonse. Kodi nzoona? Nanga anaitulukira ndani? Ndine wophunzira wa Fomu 2.

YANKHO: Aphunzitsi anuwo sananame. Nambala yosagawika, imene m'kalasi mumaitchula kuti prime number, ndi ija imagawika ndi 1 komanso ndi iyo yomwe basi, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Pamene manambala akukula, zotere zimayamba kusowa, koma sizitha.

Amene anaonetsa kuti sizitha ndi Euclid wa ku Alexandria, cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, ndipo nzeru yake ndi yokoma kuitsatira. Tengani 2, 3 ndi 5, muzichulukitse pamodzi, mupeza 30. Onjezani 1, ikhale 31. Mukaigawa ndi 2, ndi 3 kapena ndi 5, nthawi zonse patsala 1. Ndiye kuti 31 ndi yosagawika yatsopano, apo ayi imagawika ndi ina imene sinali pa mndandanda wanu. Mndandandawo utalike bwanji, njirayi imakutulutsirani ina. Choncho yaikulu kuposa zonse kulibe. Ilipo ndi yaikulu pa zimene anthu azipeza.

Zambiri mwa zikuluzikuluzi zili ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene analemba mndandanda wake mu 1644. Mumachulukitsa ma 2 angapo, kenaka nkuchotsapo 1. Ma 2 atatu amapereka 7, asanu 31, asanu ndi awiri 127. Koma si nthawi zonse: ma 2 okwana 11 amapereka 2,047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Nchifukwa chake iliyonse imafunika kuyesedwa payokha. Mu 1876 Édouard Lucas anatsimikiza popanda makina kuti ma 2 okwana 127, kuchotsapo 1, ndi yosagawika. Ine ndimamuvulira chipewa munthu ameneyu, chifukwa nambalayo polemba ili ndi manambala 39.

Lero ntchitoyi ili m'manja mwa makompyuta a anthu ongodzipereka, kudzera m'gulu la GIMPS limene George Woltman anayambitsa mu 1996. Mu Okutobala 2024, Luke Durant wa ku San Jose, California, anapeza imene aphunzitsi anu ayenera kuti amanena: ma 2 okwana 136,279,841, kuchotsapo 1. Ili ndi manambala 41,024,320, ndipo ndi ya 52 kupezeka m'banja la Mersenne. Mutamalemba nambala imodzi pa sekondi, osadya, osagona, mungathe chaka ndi miyezi yoposa itatu.

Musanaiope, yesani kaye ma 2 okwana 13, muchotsepo 1. Mupeza 8,191. Tengani pensulo muone ngati ikugawika, kenaka mukawaonetse aphunzitsi anu.