Namba 5 anafika bwanji kumbuyo?

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi za mpira, koma osati za amene wawina dzulo. Mwaona kuti kwathu kuno wosewera timamufunsa kuti, "Umamenya namba chani?" Akati 2, tadziwa kale kuti ndi wotchinga kumanja. Akati 9, ndi womwetsa zigoli. Koma tawerengani mzere wakumbuyo kuyambira kumanja: 2, 4, 5, kenako 3. Kodi 4 ndi 5 analowa bwanji pakati pa 2 ndi 3, ngati anthu olowerera pamzere wa kuchigayo?

Yankho lili ku England. Cha m'ma 1880 matimu akumeneko anakhazikika pa kaimidwe ka 2-3-5: otchinga awiri okha, atatu pakati, asanu kutsogolo. Mukawerenga kuchokera kwa goloboyi, otchinga aja ndi 2 ndi 3, apakati ndi 4, 5 ndi 6, ndipo akutsogolo ndi 7 mpaka 11. Namba 5 anali pamtima pa bwalo, wogawa mipira, osati wotchinga ayi.

Mwina mukudabwa kuti anthu awiri ankaletsa bwanji asanu. Linkawathandiza ndi lamulo la ofusayidi. Nthawi imeneyo wakutsogolo ankayenera kukhala ndi adani atatu pakati pa iye ndi mzere wa golo pamene mpira ukuperekedwa. Ndiye wotchinga mmodzi akangosunthira kutsogolo, wezulo yalira. Bill McCracken wa Newcastle United anatchuka ndi msampha umenewu, ndipo zigoli zinayamba kusowa ngati ndiwo zamasamba mu Okutobala. Mu 1925 lamulo linasintha, atatu aja anakhala awiri. Ligi yaikulu ya England, yomwe inaona zigoli 1,192 m'chaka cha mpira cha 1924-25, chaka chotsatira inaona 1,703.

Chaka chomwecho cha 1925 Arsenal inalemba mphunzitsi Herbert Chapman, ndipo mu Okutobala Newcastle inawakwapula 7-0. Wosewera wake wamkulu, Charlie Buchan, anali akunena kale kuti munthu wapakati uja abwerere kumbuyo, aziima pakati pa otchinga awiri. Atadya chikwapu chija, Chapman anavomera. Koma mukachotsa munthu pamtima pa bwalo, pamatsala dzenje. Ndiye awiri mwa akutsogolo, amene lero timati 8 ndi 10, anatsikirako kudzatseka. Kaimidwe kanakhala 3-2-2-3, komwe anakatcha WM chifukwa pojambula kamafanana ndi zilembo ziwirizo.

Chimene chimandikoka ine kwa Chapman ndi kagulidwe kake. Ife a pamsika timadziwa kuti sumaoda katundu chifukwa wakongola kooda, umaoda chimene benchi yako ikusowa. Mu 1929 anagula Alex James ku Preston North End, komwe ankadziwika ndi kumwetsa zigoli. Atafika ku London anamuuza kuti aziima chakumbuyo, azilandira mpira n'kuuponyera anyamata othamanga a m'mphepete, Cliff Bastin ndi Joe Hulme. Poyamba James anavutika, masapota ankang'ung'udza kuti ndalama zapita m'madzi. Zigoli zake zinachepadi, koma za timu zinachuluka. Arsenal, yomwe inali isanatengepo chikho chachikulu, inatenga FA Cup mu 1930, kenako ligi mu 1931 ndi 1933. Chapman anamwalira mu Januwale 1934, koma timu yomwe anaumba inatenganso ligi chaka chomwecho ndi mu 1935.

Tsono chodabwitsa ndi ichi. Manambala pamsana anakhala lamulo mu ligi ya England mu 1939, ndipo anawagawa potsata 2-3-5 yakale ija, pomwe matimu ambiri anali atasamukira kale ku WM. Wovala 5 papepala ankaoneka wapakati, m'bwalo ali kumbuyo. Manambala anabadwa atakalamba kale, koma anthu anawakhulupirira kwambiri: 5 atenge 9, 2 atenge 11, 3 atenge 7, nkhani yatha.

Chikhulupiriro chimenechi chinawapweteka pa 25 Novembala 1953, pamene Hungary ya mphunzitsi Gusztáv Sebes inafika pa Wembley. Nándor Hidegkuti anavala 9, koma m'malo moima pakhomo pa golo ankatsikira pakati. Harry Johnston, namba 5 wa England, anasowa chogwira. Akamutsatira, kumbuyo kumatsala chitseko chotseguka, Ferenc Puskás ndi Sándor Kocsis n'kulowa. Akamusiya, Hidegkuti amakhala yekha, kusankha woti amupatse mpira ngati akusankha tomato m'dengu. Zinatha 6-3, Hidegkuti atamwetsa zitatu. Mu Meyi 1954 England inapita ku Budapest ndi maganizo omwewo, inakabwerako ndi 7-1. Ine ndimati Johnston sanali wolakwa. Anamutuma kukalonda namba, osamuuza chochita mwini nambayo akasamuka.

Apa mpomwe ndimasiyana ndi anzanga ena m'mavidiyo sho, amene timu ikangogonja amati, "Agule namba 9 basi!" Wa mtundu wanji? Wodikira mpira m'bokosi, kapena wotsika ngati Hidegkuti? Nanga alipo womupatsa mpirawo? Matimu ena amagula omwetsa zigoli chaka ndi chaka pomwe vuto lawo lili pakati.

Za wotchinga wachinayi ndidutsapo mwachangu. Brazil inatenga chikho cha dziko lonse mu 1958 ndi 4-2-4, ndipo mayiko ambiri anatengera zoika anayi kumbuyo. Aliyense anabweza munthu wake. Ku England anabwerera ndi 6, n'chifukwa chake Bobby Moore anavala 6 mu 1966, akutchinga limodzi ndi Jack Charlton wovala 5. Ife tinazolowera 4 ndi 5, n'kusiya 6 pakati. Ku Brazil 6 ndi wotchinga kumanzere, ngati Roberto Carlos mu 2002, pomwe ku Argentina ntchito imene ife timati ya namba 6 amaitcha ya namba 5. Mphunzitsi wa kuno atatumiza uthenga ku Buenos Aires kuti akufuna namba 5, angamubweretsere wosewera pakati.