Mbiri ya fayilo imene silowa m'nkhokwe

Lero ndikambeko za kafayilo kotchedwa .gitignore ndi makolo ake. Ena a inu muli pa ntchito yolemba mapulogalamu ndipo kafayiloka mumakaona tsiku ndi tsiku, koma ndikukayika ngati mudafunsapo kuti kadachokera kuti.

Anzanga a maphunziro ena musathawe. Version control ndi njira yosungira mbiri ya ntchito: munthu akasintha pulogalamu, kompyuta imalemba kuti wasintha ndi ndani, liti, ndipo ndi mzere uti. Kosungira mbiriyi amati repository, koma ine ndimangoti nkhokwe. Nkhani yathu ndi ya zinthu zimene olemba mapulogalamu adaphunzira kusiya kunja kwa nkhokweyo.

Poyamba vutoli kudalibe kwenikweni. Marc Rochkind adapanga SCCS ku Bell Labs mu 1972, ndipo Walter Tichy adapanga RCS ku Purdue University mu 1982. Zonse ziwirizi zinkasunga fayilo imodziimodzi, ndiye fayilo imene sudaitchule siinkalowa. Komanso nthawi zambiri anthu ankagwirira ntchito pa kompyuta imodzi yaikulu, moti zokonzera makinawo zidali zimodzi kwa onse.

Zinthu zidasintha ndi CVS. Dick Grune wa ku Amsterdam adaitulutsa mu 1986, kenaka Brian Berliner adailembanso m'chinenero cha C ndipo idatuluka mu 1990. CVS inkasamalira foda yonse ya ntchito, ndipo patapita nthawi idayamba kulola anthu okhala kutali kugwiritsa ntchito nkhokwe imodzi, aliyense ali pa makina ake. Tsono taganizani. Wina mafayilo ake ali pa C: chifukwa ali ndi Windows, mnzake ali nawo mu /home chifukwa ali ndi Linux. Woyamba walemba njira yakeyo mu fayilo n'kutumiza ku nkhokwe. Wachiwiri akatenga, pulogalamu yafa. Aikonza, atumiza, ndiye yafa kwa woyamba uja. Palibe walakwitsa kodi, koma tsiku latha akufufutirana mzere umodzi. CVS idali ndi .cvsignore, mndandanda wa mafayilo oti iziwalambalala, ndipo ameneyu ndiye gogo wa kafayilo kathu.

Padatulukanso nzeru ina imene ine ndimaikonda kuposa zonse. M'nkhokwe mumaikidwa fayilo yachitsanzo yopanda mayankho, aliyense n'kuikopera ndi kulembamo zake. N'chimodzimodzi fomu ya lipoti: ku ofesi kumakhala yosalembedwa, malikisi a mwana amalembedwa pa kope lake. WordPress, imene idayamba mu 2003, imabwera ndi wp-config-sample.php. Mwini webusayiti amaikopera kukhala wp-config.php n'kulembamo dzina la database, dzina lolowera, pasiwedi ndi seva kumene database ili.

Subversion idayambika mu 2000 ndi kampani ya CollabNet, ndipo idabwera ndi svn:ignore. Za iyo sindichulutsa, poti idangopitiriza za CVS. Mu April 2005 Linus Torvalds adalemba Git, olemba Linux atataya mwayi wogwiritsa ntchito BitKeeper mwaulere. Linux yeniyeniyo ndi chitsanzo chabwino: fayilo ya .config, yonena zimene makina ako akufuna, aliyense amapanga yake ndipo silowa m'nkhokwe.

Kufika apa, nkhani yonse idali yopewa kusokonezana basi. Koma Git idabweretsa china: aliyense wotenga nkhokwe amatenga ndi mbiri yake yonse, kuyambira tsiku loyamba. GitHub itatsegulidwa mu 2008, nkhokwe zambirimbiri zidakhala poyera. Fayilo yomwe ija yolembamo njira ya mafoda ndi imene anthu ankalembamonso mapasiwedi ndi makiyi a seva. Mu January 2013 GitHub idakonza chida chake chofufuzira kodi, ndipo pasanathe masiku anthu adayamba kupeza makiyi achinsinsi a SSH amene eni ake adawatumiza osadziwa.

Chenjezo lidali litaperekedwa kale. Mu 2011 Adam Wiggins, mmodzi wa oyambitsa Heroku, adalemba The Twelve-Factor App. Mfundo yake yachitatu imati chilichonse chimene chimasiyana pakati pa makina ndi makina chikhale mu environment variables, ndiye kuti makinawo ndi amene aziuza pulogalamu ikamayamba. Adaperekanso muyeso wosavuta: kodi kodi yanu mungaionetse dziko lonse lero popanda kuulula chinsinsi chilichonse? Chimene chimandisangalatsa n'chakuti njirayi siidali yatsopano. Idalipo kale mu Version 7 Unix mu 1979, zaka 32 m'mbuyo mwake. Ndipo chondiseketsa n'chakuti anthu adatopa kulemba zinthuzi pamanja, nayamba kuzisunga mu fayilo ya .env, imene nayonso imafuna .gitignore. Tidazungulira n'kubwerera pakhomo pomwe.

Mtengo wake udaoneka ku Uber. Mu 2016 akuba adalowa m'nkhokwe ya kampaniyi ya pa GitHub, imene siidali ya poyera n'komwe, napezamo kiyi ya maseva a Amazon. Ndi kiyi imeneyo adatenga mbiri ya anthu 57 miliyoni, okwera ndi madalaivala. Uber idalipira akubawo madola 100,000 kuti akhale chete, nkhani idaululika mu November 2017, ndipo mu 2018 kampaniyo idavomera kulipira madola 148 miliyoni ku maboma a zigawo za ku America. Amene amati "nkhokwe yathu ndi yotseka, palibe vuto" ayambe aiganizira imeneyi.

Ya Toyota ndi yophunzitsa mwa njira ina. Kampani imene idapatsidwa ntchito pa T-Connect idaika mbali ya kodi poyera pa GitHub mu December 2017, kiyi ya seva ili momwemo. Zidadziwika mu September 2022, patapita pafupifupi zaka zisanu, ndipo Toyota idalengeza kuti maimelo a makasitomala 296,019 akhoza kukhala kuti adaonedwa.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale odziwa amachiphonya. Fayilo ikalowa kale m'nkhokwe, kuilemba mu .gitignore sikuthandiza, Git imapitiriza kuitsata mpaka mutailamula ndi git rm --cached. Ngakhale mutero, pasiwedi ija idakali m'mbiri yakale, ndiponso pa makina a aliyense amene adakopera nkhokweyo. Mankhwala ake ndi kuiphetsa kiyiyo n'kupanga ina, monga timasinthira loko makiyi a labu akasowa.

Mu 2024 GitHub idayamba kumatsekereza yokha aliyense wotumiza kiyi ku nkhokwe ya poyera. Imazindikira makamaka makiyi a maonekedwe odziwika, monga a Amazon amene amayamba ndi zilembo AKIA. Koma pasiwedi wamba ya database ya sukulu, kapena njira ya foda ya pa laputopu yanu, zimatha kudutsa popanda wozifunsa.