Injini Ikazima, Kodi Ndeke Imagwa Ngati Mwala?

Mwana wina wa Giredi 6 wa ku Madzimoyo watilembera kalata yofunsa kuti: "Ndeke zazing'ono zija zimadutsa pamwamba pa mudzi wathu popita ku Chipata zili ndi injini imodzi cabe. Nanga injiniyo ikazima, sizigwa ngati mwala?" Funsoli landikondweretsa, pakuti inenso ndili wamng'ono ndinali kuganiza comweco, masiku aja tinali kusiya ng'ombe kudambo ndi kuthamanga tikukuwa kuti "Ndeke! Ndeke!"

Yankho lake ndi lakuti iai. Cimene cimanyamula ndeke ndi mapiko. Nchito ya injini ndiyo kuikokera kutsogolo kuti mphepo idutse pa mapikowo. Injini ikazima, woyendetsa amaweramitsa mphuno ya ndeke pang'ono, ndipo imatsika mwapang'onopang'ono monga acitira mphamba akatambasula mapiko osakupiza. Ndeke ya mtundu wa Cessna 172, ikakhala pa mamita 1,000 kucokera pansi, ingathe kuyenda makilomita pafupifupi 9 isanakhudze nthaka, ndipo woyendetsa amakhala ndi nthawi yosankha munda kapena msewu woti aterepo. Ku America, kumene ndeke zotere ndi zambiri ndipo ngozi zake zimafufuzidwa ndi kulembedwa, anapeza kuti pa ngozi 10 zilizonse, pafupifupi 7 zimayambira kwa woyendetsa, osati kwa makina. Mbiri ya dziko lathu lino nayonso itiuza zomwezo, ndipo iyamba ndi ndeke imene inali ndi injini ziwiri.

M'caka ca 1920 amuna awiri a ku South Africa, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, ananyamuka ku England kuti akhale oyamba kuuluka mpaka ku Cape Town. Ndeke yao yoyamba inaonongeka asanapitirire cipululu ca kumpoto kwa Africa, napatsidwa ina ya mtundu womwewo, yochedwa Silver Queen II. Iyi ndiyo inalowa m'dziko lathu, nitera ku Abercorn, kumene lero timati Mbala, kenaka ku Ndola, ku Broken Hill, ndiko ku Kabwe, ndi ku Livingstone. Koma itafika ku Bulawayo m'mwezi wa March, anaidzaza mafuta, ndipo ponyamuka inalephera kukwera, nigwa pafupi ndi bwalo pomwepo. Amuna awiriwo anapulumuka. Boma la kwao linawatumizira ndeke yaing'ono ya injini imodzi, ndipo imeneyo ndiyo inakawafikitsa ku Cape Town pa 20 March 1920.

Tsono cinagwetsa Silver Queen nciani, injini zake zonse ziwiri zikulira? Mpweya. Bulawayo ali pamtunda, mamita oposa 1,300 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo munthu akamakwera, mpweya umanka nupepuka. Taonani amai akamavundula phala: likakhala lolimba mthiko umagwira, koma likakhala lamadzimadzi umangodutsa. Mapiko m'mpweya wopepuka amangodutsa cimodzimodzi, ndipo injini nayonso imafooka, popeza imapuma mpweya womwewo.

Nkhaniyi ikhudza ife kwambiri, cifukwa bwalo la ndeke la ku Chipata lili pa mamita pafupifupi 1,000, ndipo kutentha kumapepukitsanso mpweya. Masana a October dzuwa likafika pa madigiri 35, ndeke yoima pa bwalolo imamva ngati ili pa phiri la mamita 2,000, ndipo mphamvu ya injini imacepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Woyendetsa wanzeru amayeza katundu pa sikelo, nanyamuka m'mamawa kukali kozizira. Wosasamala amalola thumba lina limodzi, naona mitengo ya kumapeto kwa bwalo ikumuyandikira, nakweza mphuno ya ndeke mwamantha. Apo ndipo pagona imfa, pakuti ndeke yaing'ono liwiro lake likatsika kufika pa makilomita 90 pa ola kapena kucepera apo, mapiko amaleka kunyamula. Pamenepo ndiye imagwadi ngati mwala, injini ili cilirire.

Nkhani yaciwiri ndi ya m'caka ca 1935, caka cimene likulu la dziko linasamuka kucoka ku Livingstone kupita ku Lusaka. Bwanamkubwa wa masiku amenewo anali Sir Hubert Young, amene kale analamulirako Nyasaland, ndipo mkazi wace, Lady Young, anali wodziwa kuyendetsa ndeke. Kumapeto kwa February ananyamuka ku Livingstone kupita ku Lusaka pamodzi ndi dokotala wina, m'kandeke ka mtundu wa Gipsy Moth. Kandeke kameneka kanali ka mitengo yokutidwa ndi nsalu, ka mapiko awiri osanjikana, ka mipando iwiri yopanda denga, ndipo kanali kuyenda makilomita ngati 135 pa ola. Ulendo wonse unali wa maola atatu. Dzuwa linalowa, ndeke osafika.

Ndeke zambiri zinatumidwa kukafunafuna, ndi anthu apansi omwe analowa m'thengo. Patapita masiku angapo, uthenga unamveka kucokera kumene anthu sanali kuyembekezera: ku Gokwe, tsidya lija la Zambezi, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Lady Young anasocera, ndipo mafuta atatsala pang'ono kutha anatera m'thengo. Ndeke inaonongeka, koma iye ndi dokotalayo anatuluka amoyo.

Mwina mudzadabwa kuti munthu angasocere bwanji kumwamba, kumene aona dziko lonse. Amene anakwerapo ndeke adziwa kuti thengo lathu, ukaliona uli kumwamba, limafanana lonse: mitengo, dambo, mitengo, dambo. Oyendetsa a masiku amenewo analibe wailesi yofunsira njira. Anali ndi mapu, kampasi ndi wochi, ndipo kawirikawiri anali kungotsata njanji ya sitima yodzera ku Kalomo, Choma, Monze ndi Mazabuka. Njanjiyo ikabisika m'mitambo, ndipo February ndi mwezi wa mvula, amatsala ndi kampasi yekha. Nyanja ya Kariba, imene lero ingamuuze woyendetsa msanga kuti wataya njira, kunalibe, pakuti damu lake linamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ndipo kulakwa kocepa kumakula ndi mtunda. Ndeke ikapatuka ndi digiri imodzi yokha, imataya kilomita imodzi pa makilomita 60 aliwonse. Mphepo yoomba cam'mbali imakankhanso ndeke mwakacetecete, woyendetsa osamva kanthu. Kwa ine cinthu cacikulu m'nkhaniyi ndi cakuti mai ameneyu anatera injini ikali ndi mphamvu yoti asankhe malo. Ambiri amene anafa atasocera anali kunena mumtima kuti bwalo lili kuseri kwa phiri lilo, mpaka dontho lomaliza la mafuta linatha ali pamwamba pa mitengo.

Lero kusocera kwacepa, cifukwa makina a GPS, onga aja ali m'mafoni, amamuonetsa woyendetsa pamene ali. Koma mitambo ikali yomweyo. Munthu akalowa mumtambo, maso ace saona pansi kapena kumwamba, ndipo thupi limamunamiza: amamva ngati ndeke ili ciriri pamene yapendekeka. Ena poopa mtambo amatsika kunsi kwace, naiwala kuti kunsiko kuli mapiri. Anansi athu a ku Malawi analira maliro otere pa 10 June 2024, pamene ndeke ya asilikali yocokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, nipha anthu onse 9, pamodzi ndi waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ananena kuti ndekeyo inapitiriza ulendo ikuuluka m'munsi, nyengo ili yoipa, mpaka inaomba mtunda. Iyonso inali ndi injini ziwiri. Akulu anati kuthamanga si kufika, ndipo oyendetsa ndeke amaphunzitsidwa kuti kubwerera kumene wacokera si camanyazi. Kuno kwathu, kumene Chipata wazingidwa ndi mapiri, si mvula yokha imabisa njira; utsi wa lupsa wa mu September ndi October umacita cimodzimodzi.

Sindikunena kuti makina salakwa. Mu September 2004 ndeke ya mtundu wa Cessna 210 inagwa kufupi ndi Livingstone, nipha anthu onse 6, pulopela itathothoka ili m'mwamba. Pulopela ndi cija cimazungulira kumphuno kwa ndeke. Kutsika kwa mphamba kuja kumafuna malo oyera oterapo, ndipo m'thengo la mitengo yothithikana malo otere ndi osowa. Ndiye cifukwa cace ndeke iliyonse ili ndi buku lolembamo maola amene yauluka ndi masiku amene amakanika anaiona. Ndiponso mukadzaona woyendetsa akuthira mafuta pang'ono m'kabotolo koonekera ndi kuwayang'ana padzuwa, musaganize kuti akusewera. Akufuna madzi. Mafuta a ndeke zotere ndi obiriwira ngati thambo, ndipo madzi, pokhala olemera, amakhala pansi pa botolo. Akatsala m'thanki angazimitse injini ndeke itangonyamuka.

Palinso zamoyo. Pa 10 January 1959 mnyamata wa ku Germany wa zaka 24, Michael Grzimek, amene anali kuwerenga nyama za ku Serengeti m'dziko la Tanganyika ndi kandeke kopakidwa mizere ngati mbidzi, anaombana ndi muimba m'mwamba, nafera pomwepo. Manda ace ali pamphepete pa cigwa ca Ngorongoro. Oyendetsa opita ku Mfuwe, m'cigwa ca Luangwa, amacenjera nazo mbalame zazikulu zotere. Miimba sitingaiweruze, koma mbuzi ndi ng'ombe zili ndi abusa, ndipo abusawo kawirikawiri ndinu ana. Mabwalo ang'onoang'ono a kumidzi, onga amene amaterapo madokotala a Zambia Flying Doctor Service, bungwe limene linayamba m'caka ca 1965, ambiri alibe mpanda, ndipo msipu wace ndi wokoma. Ndeke yotera imathamanga ngati galimoto ya pa msewu waukulu, ndipo singakhote kupewa thole. Mukamva ndeke ikuzungulira pamwamba pa bwalo, woyendetsa akuyang'ana ngati pali poyera: cotsani ziweto, imani kutali, ndipo musayandikire kufikira pulopela itaima, pakuti ikamazungulira sioneka ndi maso.

Aphunzitsi, tsono tengani mapu a Zambia, muwaonetse ana pamene pali Livingstone, Lusaka ndi mtsinje wa Zambezi, ajambule mzere wowongoka wa ulendo umene Lady Young anafuna kuyenda. Kenaka awerengetsere samu iyi: ndeke ikapatuka ndi madigiri 10, niyenda makilomita 300, idzakhala itataya njira ndi makilomita angati? Mayankho atumizidwe kwa ife, pamodzi ndi dzina la sukulu.