Soketi ya M'bafa: Mbiri ya Malamulo Olekanitsa Madzi ndi Magetsi

Mlendo wochokera ku London akafika pa hotela ya ku New York amadabwa polowa m'bafa, pakuti pafupi penipeni ndi sinki amapezapo soketi ya magetsi yokhala ndi timabatani tiwiri pakati pake. Nayenso wa ku New York akafika ku London amayang'anayang'ana polumikiza makina ake oumitsira tsitsi, koma osapaona. Chimene amapeza ndi chingwe choyatsira getsi cholendewera kudenga, ndi kasoketi kakang'ono ka makina ometera ndevu okha. Maiko awiriwa anakumana ndi funso limodzi lomwe, lakuti munthu wonyowa angatetezedwe bwanji ku magetsi, ndipo kwa zaka zambiri anayankha mosiyana.

Bafa ndi chipinda choopsa kuposa zipinda zina zonse za m'nyumba chifukwa cha khungu la munthu. Khungu louma limakaniza magetsi kwambiri, koma likanyowa kukaniza kwakeko kumachepa koposa. Komanso wosamba amakhala wosavala nsapato, ataponda pansi ponyowa, pafupi ndi mipope yachitsulo imene inalowa m'nthaka. Magetsi nthawi zonse amafuna njira yopitira pansi, ndipo m'bafa thupi la munthu ndilo limasanduka njirayo. Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Pa 11 Marichi 1978 woimba wotchuka wa ku France, Claude François, anafera m'bafa la m'nyumba yake ku Paris atagwira getsi la pakhoma ali wonyowa. Anali ndi zaka 39.

Kuti zimenezi zimveke, pafunika muyeso. Kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya kumayezedwa m'maampeya, ndipo ampeya imodzi ili ndi mamiliampeya 1,000. Magetsi osakwana mamiliampeya 100 akadutsa pachifuwa angathe kusokoneza kugunda kwa mtima mpaka munthu kufa. Tsono fyuzi ya m'pulagi ya ku Britain, yomwe yaikulu yake ndi ya maampeya 13, siduka pokhapokha magetsi atapyola mamiliampeya 13,000. Munthu angathe kufa fyuzi ili chilili, pakuti ntchito ya fyuzi ndi kuteteza waya kuti asapse, osati kuteteza mtima wa munthu.

Malamulo oyambirira a magetsi analembedwa poopa moto. Mu 1882 bungwe la akatswiri a telegalafu ndi magetsi ku London linasindikiza malamulo ake oyamba, ndipo mutu wake weniweniwo unali kunena za kupewa ngozi za moto zochokera ku nyali za magetsi. Ku America buku la malamulo lotchedwa National Electrical Code linatuluka koyamba mu 1897, ndipo kuyambira mu 1911 lakhala m'manja mwa bungwe loona za kupewa moto la National Fire Protection Association. Pa nthawiyo nyumba zambiri zinalibe bafa la mkati, ndipo zipangizo zamagetsi zonyamula m'manja zinali zowerengeka. Vuto linakula pamene mabafa analowa m'nyumba, ndipo mawailesi, mbaula zamagetsi ndi makina ometera ndevu zinayamba kutsatira eni ake kosamba.

Yankho la ku Britain linali lachidule: soketi isalowe m'bafa. Maganizo ake anali akuti popanda polumikiza, palibenso amene angaike wailesi kapena mbaula m'mphepete mwa madzi osamba. Swichi ya getsi inaikidwa kunja kwa chitseko, kapena kudenga ndi chingwe chokoka, kuti dzanja lonyowa lisafike pa swichi yeniyeniyo. Soketi imodzi yokha ndiyo inaloledwa, ya makina ometera ndevu, chifukwa m'kati mwake muli thiransifoma yaing'ono imene imalekanitsa magetsi otulukawo ndi nthaka, kotero kuti wogwira waya mmodzi sakhala njira yopitira pansi. Lamulo limeneli linali ndi chifukwa chake, popeza magetsi a m'nyumba za ku Britain anali a mavolti 240, kuwirikiza kawiri a ku America amene ndi 120. Koma linali ndi chofooka chimodzi: munthu wofunitsitsa kuumitsa tsitsi pa kalilole ankangokoka chingwe chachitali kuchokera kuchipinda chogona, ndipo ngozi imene inatsekeredwa kunja inkalowera pansi pa chitseko.

Yankho lina linabadwira kutali ndi mabafa, m'migodi ya golide ya ku South Africa, kumene amuna ambiri a ku Nyasaland ankapita pa Wenela. Pansi pa mgodi pali madzi, chitsulo ndi nthambo zamagetsi malo amodzi. Mu 1955 injiniya wina dzina lake Henri Rubin, wa pa kampani ya C.J. Fuchs ku Alberton pafupi ndi Johannesburg, anakonza chipangizo chodula magetsi akangoyamba kuthawira pansi. Choyambacho chinkadula pa mamiliampeya 250, muyeso umene unali waukulu kwa munthu, koma m'chaka chotsatira iye anakonza china chomva msanga kwambiri. Mayi wina atafa ndi magetsi m'nyumba ya m'mudzi wa mgodi wa Stilfontein, zipangizo mazana angapo zodula pa mamiliampeya 20 zinaikidwa m'nyumba za m'mudzimo mu 1957 ndi 1958. Ku Austria nako katswiri wina, Gottfried Biegelmeier, anali kugwira ntchito yofanana ndi imeneyi, ndipo ankayesa magetsi pa thupi lake lomwe.

Ku America mbiriyi imatchula Charles Dalziel, mphunzitsi wa za magetsi pa yunivesite ya California ku Berkeley. Iye anafuna kudziwa muyeso weniweni umene thupi lingapirire. Anthu odzipereka ankagwira waya m'dzanja, ndipo iye ankaonjezera magetsi pang'onopang'ono mpaka zala zitauma, munthu osathanso kutaya wayayo. Anapeza kuti mwa amuna ambiri zimenezi zimachitika pa mamiliampeya pafupifupi 16, ndipo mwa akazi pa 10 ndi theka. Kodi n'chifukwa chiyani wogwidwa ndi nyesi sangotaya chimene wagwiracho? Yankho ndi limeneli: magetsi amakunga minofu ya m'dzanja, dzanja nkufumbata chomwe chikumuphacho. Mu 1961 Dalziel anakonza chipangizo chimene lero chimatchedwa GFCI, ndipo boma linamupatsa chiphaso cha umwini wake mu 1965.

Kagwiridwe ntchito kake kali ngati ka mbusa wowerenga ng'ombe. M'mawa amawerenga zotuluka m'khola, madzulo amawerenga zolowa, ndipo ikasowa imodzi amadziwa kuti kunja kwagwa zina. Magetsi opita ku chipangizo pa waya mmodzi ayenera kubwerera onse pa waya wachiwiri. Obwerera akachepa, ndiye kuti ena adzera njira ina, mwina m'madzi, mwina m'thupi la munthu. GFCI ikaona kusiyana kwa mamiliampeya 4 mpaka 6 imadula magetsi sekondi isanakwane. Munthu amamva kugwedezedwa ndithu, koma mtima wake umapulumuka.

National Electrical Code, imene imakonzedwanso zaka zitatu zilizonse, inalandira chipangizochi pang'onopang'ono, kuyambira kumene madzi ali ambiri. Mu 1968 inachilamula pa nyali za pansi pa madzi m'maiwe osambira. Mu 1971 inaonjezera masoketi oyandikana ndi maiwewo ndi a kunja kwa nyumba. Mu 1975 inafika m'bafa: soketi iliyonse ya m'bafa la m'nyumba yokhalamo anthu inayenera kukhala ndi GFCI. Magalaja anatsatira mu 1978, ndipo masoketi a pafupi ndi sinki ya kukhitchini mu 1987.

Komabe lamulo latsopano limagwira nyumba zatsopano, pamene zakale zimakhalabe ndi mawaya ake akale. Bungwe la boma la America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa linapeza kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anthu pafupifupi 18 pa chaka ankafa makina oumitsira tsitsi atagwera m'madzi. Makina otere amapha ngakhale atazimitsidwa, malinga pulagi ili m'soketi. Kaamba ka ichi chitetezo chinasamutsidwira pa makina enieniwo, ndipo kuyambira mu 1991 makina oumitsira tsitsi ovomerezeka ku America amakhala ndi kabokosi kodula magetsi pa pulagi yake.

Lero lamulo la ku America silingolola soketi m'bafa, koma limaikakamiza. Payenera kukhala soketi imodzi kapena kuposerapo pa mtunda wosapyola mamilimita 900 kuchokera m'mphepete mwa sinki iliyonse, kuti pasapezeke chifukwa chokokera chingwe chachitali. Kuyambira mu 1996 masoketi a m'bafa amayenera kudyetsedwa ndi nthambo ya maampeya 20, popeza makina oumitsira tsitsi amakoka magetsi ambiri. Ndipo buku la mu 2020 linaletsa kuika soketi pa mtunda wosakwana mamilimita 900 kuchokera pa bafa losambiramo kapena pa shawa. Bukuli palokha si lamulo la dziko lonse. Limakhala lamulo pamene chigawo kapena mzinda walivomereza, ndiye chifukwa chake madera ena amatsatirabe buku lakale.

Ku Britain malamulo aja a mu 1882 anakhala akukonzedwa mpaka mu 1992 pamene anapatsidwa dzina lakuti BS 7671. Iwo amagawa bafa m'zigawo: m'kati mosambiramo, pamwamba pake kufikira mamita 2.25, ndi masentimita 60 ozungulira. Chigawo chilichonse chili ndi zololedwa zake. Kusintha kwakukulu kunadza mu 2008, pamene analamula kuti nthambo zonse za m'bafa zitetezedwe ndi chipangizo chodula pa mamiliampeya 30, chimene kumeneko amachitcha RCD, ndipo analola soketi wamba m'bafa malinga italikire mamita 3. Mu 2022 mtundawo unachepetsedwa kufika pa mamita 2.5. Mabafa ambiri a ku Britain ndi aang'ono kotero kuti soketiyo ilibe pokhala, koma chiletso chakalecho chinatha.

Motero maiko awiri aja anakumana pakati. America inayamba ndi chipangizo, kenaka inaonjezera mtunda. Britain inayamba ndi mtunda, kenaka inaonjezera chipangizo. Onse anaphunzira kuti njira imodzi payokha sikwanira.

Dziko la Malaŵi linatenga pulagi ya mano atatu ya ku Britain, imene inayamba mu 1947, ndipo magetsi a m'nyumba zake ndi a mavolti 230. Mphamvu imeneyi ndi yofanana pafupifupi ndi ija imene inachititsa Angerezi kutulutsa soketi m'bafa. Womvera amene akumanga nyumba, kapena kuika gizara ndi shawa yamagetsi, ali ndi mafunso awiri oyenera kufunsa mmisiri wake: kodi pa bokosi logawa magetsi pali chipangizo chodula pa mamiliampeya 30, ndipo kodi waya wopita pansi walumikizidwa bwino? Pa chipangizocho pali kabatani koyesera, kofunika kukadina nthawi ndi nthawi. Magetsi akapanda kuduka pamenepo, ndiye kuti mlonda wagona, ndipo mmisiri ayenera kuitanidwa wina asanalowe kukasamba.