Henry Maudslay, mmisiri amene anagwirizanitsa nati ndi bawuti

Makaniko akataya nati masiku ano, amangotola ina ya saizi yomweyo n'kumanga. Ku England m'zaka za m'ma 1700 sizinali choncho. Mazinga ankawasema pamanja, moti bawuti iliyonse inali ndi nati yakeyake. Womasula makina akasokoneza manati ankagwira njakata.

Amene anathandiza kwambiri kuthetsa vutoli ndi Henry Maudslay, wobadwira ku Woolwich mu 1771. Ali ndi zaka 12 anayamba ntchito yothira onga m'zipolopolo pafakitale ya zida zankhondo ya Royal Arsenal. Kenako analowa ukalipentala, n'kudzakhazikika pachipala. Ali ndi zaka 18 anatengedwa ndi Joseph Bramah, katswiri wa maloko ku London, amene ankasowa zida zopangira maloko ambiri ofanana. Mnyamatayu anazipanga. Koma mu 1797, atapempha kuti amuwonjezere malipiro ake a masheleni 30 pamlungu, Bramah anakana. Kuumira kumeneku kunamutayitsa mmisiri wofunika kwambiri. Maudslay anakatsegula malo akeake.

Kumeneko ndi kumene anakonza makina a lathe osema mazinga. Mpeni wosemera sunalinso m'manja mwa munthu, manja oti amatopa ndi kunjenjemera. Unamangidwa pachitsulo chotsetsereka chimene chinkakankhidwa ndi bawuti yaitali, ndipo magiya ndiwo ankalamula kutalikirana kwa mazinga. Ena anali atayesapo mbali zina za nzeruyi, koma iye anaziphatikiza m'makina achitsulo olimba, otulutsa mazinga ofanana tsiku ndi tsiku.

Ntchito yomutchukitsa inabwera ndi mmisiri wina, Marc Brunel. Sitima zankhondo zinkafuna timawilo tamatabwa tambirimbiri todutsamo zingwe. Maudslay anapanga makina oposa 40 opangira timawiloti amene anaikidwa ku Portsmouth, ndipo anthu 10 anayamba kugwira ntchito ya anthu 110. Analinso ndi chopimira chozindikira gawo limodzi mwa magawo 10,000 a inchi. Anachitcha Lord Chancellor, dzina la mkulu wa oweruza panthawiyo, chifukwa amisiri akatsutsana pamuyeso, chinkagamula ndi chimenechi.

Anamwalira mu 1831. Mmodzi mwa amene anadutsa m'manja mwake, Joseph Whitworth, ndiye anakhazikitsa mu 1841 muyeso umodzi wa mazinga umene mafakitale a ku Britain anadzautsatira.