Mbiri ya Matenda a Apendikisi

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, lero tikambirana za kathumbo kakang'ono kotchedwa apendikisi. Kathumboka nkotalika ngati chala, ndipo kamalendewera pamene matumbo aakulu ayambira, m'munsi mwa mimba cha ku dzanja lamanja. Khomo lake likatsekeka kamatupa ndi kuchita mafinya. Wodwala akachedwa kulandira chithandizo kamaphulika, ndipo munthu angathe kufa.

Dokotala wa ku America, Reginald Fitz, ndiye anafotokoza bwino za matendawa m'chaka cha 1886. Masiku amenewo odwala anali kuchuluka ku Ulaya ndi ku America. Mu June 1902, pamene Chipata ankatchedwa Fort Jameson, likulu la North-Eastern Rhodesia, Mfumu Edward VII ya ku Britain inachitidwa opaleshoni chifukwa cha matendawa kutangotsala masiku awiri kuti aiveke chisoti chaufumu. Mwambowo unachita kudikira mpaka mu August.

Kuno kwathu zipatala za mishoni zinadza pambuyo pake: cha Mwami mu 1927, cha St Francis ku Katete mu 1948. Madokotala a zipatala za kumidzi m'maiko ambiri a mu Africa anaona chinthu chodabwitsa. Odwala apendikisi, amene ku Ulaya anali ochuluka, kuno anali osowa. Kodi chifukwa chake chinali chiyani?

Yankho loyamba linali chakudya. Mu 1920 dokotala wa ku Bristol, Rendle Short, ananena kuti matendawa anachuluka pamene anthu a ku Britain anachepetsa kudya zakudya zokhakhala. Zigayo zatsopano zinkachotsa gaga yense wa tirigu, nkutsala ufa woyera mbee. Denis Burkitt, amene anagwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Uganda, anafunsa madokotala a zipatala zambiri za mu Africa, ndipo mu 1971 analemba zogwirizana ndi maganizo amenewa. Iye anati chakudya chopanda gaga chimaumitsa chimbudzi, ndipo kachidutswa kouma kangathe kutseka khomo la apendikisi.

Taganizani za mbale ya kwanu. Nsima ya mgaiwa ili ndi gaga wake, pamene ufa wokonola ndi ufa woyera wa m'sitolo ulibe wambiri. Makolo athu, ngakhale ankakonola chimanga mu mtondo, ankadyanso nyemba, nshawa, chibwabwa, therere, mbatata ndi masuku. Zonsezi zimafewetsa m'mimba.

Yankho lachiwiri linadza mu 1985 kuchokera kwa David Barker wa ku Southampton. Iye anaona kuti ku Britain matendawa anayamba kuchepa cha m'ma 1930, chikhalirecho anthu sanabwerere ku zakudya zakale. Choncho analoza ku tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba. M'khoma la apendikisi muli timinofu tolimbana ndi tizilombo. Khanda likakumana ndi tizilomboto msanga, thupi limatizolowera. Madzi a m'mipope atafika m'nyumba, ana ambiri anayamba kukumana nato atakula kale. Timinofu tija tinkatupa kwambiri ndi kutseka khomo. Ukhondo utafika ponseponse, tizilomboto tinachepa, odwalanso nkuchepa.

Nanga wolondola ndani? Mpaka lero madokotala sanagamule mlanduwu, ndipo ambiri amati zifukwa zonse ziwiri zingathe kuyendera limodzi. Palinso china choyenera kukumbukira. Kale munthu wa kumudzi wakutali ankatha kumwalira ndi m'mimba osafika kuchipatala, motero sanalembedwe m'buku lililonse. Chodziwika nchakuti m'maiko amene mizinda ikukula ndipo kadyedwe kakusintha, odwala apendikisi akuwonjezeka.

Tsono ana inu, musamve molakwa. Madzi akuda sateteza munthu. Amabweretsa kolera ndi kutsegula m'mimba, zimene zimapha ana ochuluka koposa apendikisi. Imwani madzi aukhondo, sambani m'manja, ndipo musanyoze mgaiwa ndi ndiwo zamasamba.

Dziwaninso zizindikiro, pakuti matendawa amagwira kwambiri anthu a zaka 10 mpaka 30. Ululu umayambira pa mchombo, kenaka umatsikira ku dzanja lamanja. Wodwala amakana chakudya, amasanza, thupi limatentha, ndipo kuyenda kapena kutsokomola kumawonjezera ululu. Mukamva zotere uzani makolo kapena aphunzitsi nthawi yomweyo. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Aphunzitsi, mwana wotere musam'patse mankhwala otsegula m'mimba. Mutumizeni msanga kuchipatala, kumene angathe kum'chita opaleshoni.

Ntchito ya sabata ino: funsani agogo anu zimene ankadya ali ana, ndiponso kumene ankatunga madzi. Lembani mayankho awo, ndipo muwayerekeze ndi zimene mwadya ndi kumwa inu lero.